Chizungulire n'chiyani, chitsulo kapena mpeni? Kusankha pakati pa milling ndi turning pa makina a CNC

Munthu akatumiza pulani ya chitsulo ku fakitale kuti amupangire, kawirikawiri yankho loyamba silikhala mtengo. Amauzidwa kuti "ichi ndi cha pa lathe," kapena kuti "ichi chifunika milling." Nthawi zina mafakitale awiri amayang'ana pulani imodzimodziyo n'kutchula mitengo yotalikirana kwambiri, chifukwa ena akuganiza zochimalizira pa makina amodzi pamene anzawo akuganiza zochidutsitsa pa makina awiri. Kwa amene sali m'ntchitoyi zimasokoneza mutu. Makina onsewa amadula chitsulo, onse amayendetsedwa ndi kompyuta (ndilo tanthauzo la CNC), ndipo ukawayang'ana kunja ndi mabokosi akuluakulu okhala ndi chitseko chagalasi, mkati mukuthovoka madzi oziziritsa. Nanga akusiyana pati?

Akusiyana pa chinthu chimodzi: pakati pa chitsulo ndi mpeni, chikuzungulira ndi chiti. Maonekedwe a chinthu chimene chingatuluke, nthawi, mtengo ndi kulondola kwa miyezo, zonsezi zimachokera pamenepo.

Zonse ziwiri ndi kusema

Pali njira zambiri zopangira zitsulo za makina. Ena amasungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole, ena amachisula chili chamoto, ena amapinda malata n'kuwotcherera. Milling ndi turning zimayamba ndi chitsulo chachikulu kuposa chimene chikufunika, n'kumachotsa pang'onopang'ono mpaka patatsala chinthu chimene chili pa pulani. Zochotsedwazo zimagwa ngati nyenyeswa, zomwe amisiri amati chips. Tikunena za chitsulo pofuna kufupikitsa mawu, koma njira zomwezi zimagwiranso ntchito pa aluminiyamu, mkuwa, titaniyamu ndi pulasitiki yolimba.

Kuti mpeni udule, pamafunika liwiro pakati pa mpeniwo ndi chodulidwacho. Liwirolo limachokera ku mota imene imazungulitsa shafuti yaikulu ya makina, yotchedwa spindle. Ndiye nkhani yagona pa chimene chamangidwa pa spindle imeneyo.

Turning: chitsulo chizungulira, mpeni uli phee

Pa turning, chimene chimamangidwa pa spindle ndi chinthu chomwe chikupangidwacho, ndipo makina ake ndi lathe. Chitsulo, chomwe kawirikawiri chimakhala ndodo yobulungira, chimagwidwa ndi nsagwada za chogwirira chotchedwa chuck n'kuyamba kuzungulira mothamanga. Mpeni wa nsonga imodzi umayenda m'mbali mwake n'kumapala. Mpeniwo suzungulira. Umangoyenda njira ziwiri: kutsata utali wa ndodo, komwe pa makina amati Z, ndi kulowa kapena kutuluka cha pakati pa ndodoyo, komwe amati X. Aliyense amene anasongolapo pensulo ndi kachipangizo kosongolera anaiona kale njirayi. Pensulo ndiyo imazungulira, lumo lili pamalo amodzi, ndipo nsonga imatuluka yobulungira popanda munthu woiyeza.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsa. Kubulungira kwa chinthu cha pa lathe sikuchokera ku luso la mmisiri kapena ku nzeru za kompyuta. Kumachokera ku kuzungulira kumene. Mpeni ukaima pa mtunda umodzi kuchokera pakati, chitsulo chonse chimadutsa pansi pake, ndipo sichingachitire mwina koma kutuluka chobulungira. Komanso chilichonse chimene chadulidwa chitsulocho chisanamasulidwe mu chuck, kaya ndi kunja, bowo lapakati kapena mazinga, chimakhala ndi pakati pamodzi. Ichi ndicho chimene shafuti, pisitoni, bawuti, pule ndi malo okhalapo beringi zimafuna koposa china chilichonse.

Lathe ndi yakale kwambiri. M'manda a Petosiris ku Egypt muli chithunzi cha zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe chosonyeza anthu awiri, wina akuzungulitsa mtengo ndi chingwe, mnzake atagwira chosemera. Kwa zaka zambirimbiri mpeni unkagwiridwa pamanja choncho. Kusintha kwakukulu kunabwera cha m'ma 1800 ku London, pamene Henry Maudslay anapanga lathe yachitsulo imene mpeni wake unkamangidwa pa chonyamulira choyendetsedwa ndi sikulu yaitali ndi magiya osinthika. Izi zinachititsa kuti mazinga azituluka ofanana tsiku ndi tsiku. Kale bawuti iliyonse inkayenda ndi nati yake yokha, ndipo zikasokonekera pomasula makina, mmisiri ankavutika kuziphatikizanso.

Pa lathe mpeni umalowa m'chitsulo n'kukhala momwemo, kudula osalekeza mpaka kumapeto. N'chifukwa chake turning imachotsa chitsulo msanga ndipo imasiya khungu losalala. Koma kudula kosalekezako kuli ndi vuto lake: nyenyeswa zimatha kutuluka ngati waya wautali wopotana amene amakulunga mpeni ndi chitsulo. Timipeni tamakono ta carbide, chinthu cholimba kwambiri kuposa chitsulo wamba, timakhala ndi timizere pamwamba pake tothyola wayayo kuti azigwa zidutswazidutswa.

Pali masamu ena amene amaonetsa bwino khalidwe la lathe. Mpeni sulabadira kuti chitsulo chikuzungulira kangati pa mphindi. Umalabadira liwiro limene khungu la chitsulocho likudutsira pa nsonga yake. Tinene kuti mpeni ukufuna liwiro la mamita 200 pa mphindi. Ndodo ya mamilimita 50 m'mimba mwake iyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 1,270 pa mphindi. Mpeni ukalowa mpaka patatsala mamilimita 10, ndodo yomweyo iyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 6,400 kuti liwiro lija lisatsike. Lathe ya CNC imadzisinthira yokha ikapatsidwa lamulo la G96, bola mota ndi chuck zikwanitse.

Malire a lathe wamba ndi oonekeratu. Bowo limene silili pakati, mbali yaphwatalala, mutu wa ngodya 6 wa bawuti, zonsezi mpeni wosazungulira sungazipange. Vuto lina ndi la zinthu zazitali zoonda, zomwe zimathawa mpeni, kupindika ndi kuyamba kunjenjemera. Amisiri ambiri amati chitsulo chikatuluka mu chuck utali woposa katatu kunenepa kwake, chifunika kuchirikizidwa kumapeto ndi tailstock, chochirikizira chimene chimayang'anizana ndi chuck, ndipo chikatalika kwambiri chifunikanso chochigwira pakati. Opanga mawotchi ku Switzerland anakumana ndi vuto limeneli m'zaka za m'ma 1870, ndipo njira imene inatulukira kumeneko, yomwe ambiri amati anaiyambitsa ndi Jakob Schweizer, ikugwirabe ntchito lero. Pa lathe yotchedwa Swiss-type, ndodo ndiyo imasunthira kutsogolo kudzera m'kabowo koigwira zolimba, ndipo mpeni umadulira pafupi penipeni ndi kabowoko, moti palibe mpata woti ipindike. Masikulu olumikizira mafupa ku chipatala ndi timapini ta zolumikizira magetsi zimapangidwa chonchi, kawirikawiri kuchokera ku ndodo zosapitirira mamilimita 32.

Milling: mpeni uzungulira, chitsulo chamangidwa

Pa milling zinthu zatembenuka. Chitsulo chimamangidwa pa tebulo la makina, mu vayisi kapena m'chogwirira chopangidwira ntchito imeneyo, ndipo pa spindle pamamangidwa mpeni wa mano angapo. Mpeni ndi tebulo zimasunthirana njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi, zomwe ndi X, Y ndi Z. Popeza chitsulo sichizungulira, sichikakamizidwa kukhala chobulungira. Mbali zaphwatalala, maenje, mizere, mabowo ambirimbiri oikidwa paliponse, ngakhale zokhotakhota za chikombole choumbira pulasitiki, zonsezi ndi ntchito ya milling.

Kadulidwe kake n'kosiyana ndi ka lathe. Dzino lililonse limalowa m'chitsulo, kuluma kachidutswa, kutuluka, kuzungulira m'mphepo, n'kubwereranso. Nyenyeswa zimatuluka zifupizifupi, zomwe ndi zabwino, koma dzinolo limamenyedwa ndi kutentha n'kuzizira maulendo masauzande pa mphindi, ndipo kumenyako kukagwirizana ndi kunjenjemera kwa mpeni kapena kwa khoma lopyapyala, pamabuka phokoso loliza m'makutu ndi zipsera pa chitsulo. Amisiri amati chatter.

Makina a milling ndi aposachedwa poyerekeza ndi lathe. Anakulira m'mafakitale a mfuti ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene boma linkafuna mfuti zoti chitsulo cha ina chizilowa pa inzake. Poyamba mbali zosabulungira zinkapalidwa ndi fayilo pamanja. Mabuku ambiri akale amati anayambitsa makinawa ndi Eli Whitney mu 1818, koma ofufuza mbiri a pambuyo pake amakayikira zimenezo ndipo amaloza kwa amisiri ena a ku Connecticut monga Simeon North. Cha m'ma 1861, Joseph R. Brown wa kampani ya Brown & Sharpe ku Providence anapanga makina otha kudula mizere yopotana ya pa zoboolera, ntchito imene inkadya nthawi yambiri pamanja. Makina a Bridgeport, amene anayamba kugulitsidwa mu 1938, anafala kwambiri moti mpaka lero amapezeka m'malo ambiri ogwirira ntchito zachitsulo.

Malire a milling amachokera ku mpeni, ndipo ojambula mapulani amene sanaimepo pafupi ndi makina amawaiwala kawirikawiri. Mpeni ndi wobulungira, choncho ngodya yamkati ya dzenje singatuluke yakuthwa. Imakhala yokhota molingana ndi kukula kwa mpeni. Mukafuna ngodya yokhota pang'ono kwambiri, mukupempha mpeni woonda, ndipo mpeni woonda umadula pang'onopang'ono komanso suchedwa kuthyoka. Dzenje likakhalanso lakuya, mpeniwo uyenera kutalika, ndipo apa masamu alibe chisoni: mpeni ukatalika kawiri, kupindika kwake pa mphamvu yomweyo kumawonjezeka ka 8. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amalangiza kuti kuya kwa dzenje kusapitirire kwambiri kanayi kukula kwa mpeni kapena kwa dzenjelo. Zozama kuposa apo zimatheka, koma mtengo umakwera.

Vuto lina ndi lofikira. Makina a njira zitatu amangoona chitsulo kuchokera pamwamba. Chinthu chokhala ndi mabowo mbali zinayi chiyenera kumasulidwa, kutembenuzidwa ndi kumangidwanso kangapo. Makina a 4-axis ndi 5-axis amapendeketsa ndi kutembenuza tebulo kapena mutu wa spindle kuti mpeni ufike mbali zambiri chinthucho chili chomangidwa kamodzi. Ndiwo amapanga masamba a injini za ndege ndi zikombole zovuta. Ngakhale iwowa sangadule mbali imene yagwiridwa.

Kodi CNC inasintha chiyani?

Zilembo za CNC zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza kuti makina akuyendetsedwa ndi kompyuta kudzera mu manambala. Chiyambi chake chili kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ku Traverse City, Michigan, komwe John T. Parsons ndi injiniya wake Frank Stulen ankagwiritsa ntchito makina owerengera a makadi obooledwa kupeza manambala a maonekedwe a masamba a helikopita. Manambalawo ankawerengedwa mokweza kwa amisiri amene ankapotokola zogwirira za makina pamanja. Asilikali a ndege a ku America anaikapo ndalama mu 1949, ntchito inapita ku sukulu ya MIT, ndipo mu 1952 kumeneko anaonetsa makina a milling a mtundu wa Cincinnati Hydrotel akuyenda okha motsata tepi ya mabowo. Sizodabwitsa kuti anayambira pa milling. Lathe inkapanga kale zobulungira mosavuta, pamene zokhotakhota za ndege zinkafuna kuti njira ziwiri kapena zitatu ziziyenda nthawi imodzi mogwirizana, zimene manja a munthu sangathe.

Malamulo amene makinawa amamva, otchedwa G-code, anakhazikika m'zaka za m'ma 1960 ndipo lero ali mu muyezo wa ISO 6983. G00 ndi kuthamangira pamalo osadula, G01 ndi kudula mzere wowongoka, G02 ndi G03 ndi kudula mokhota. Lathe ndi makina a milling zimamva chiyankhulo chofanana kwambiri, ndipo mapulogalamu ambiri masiku ano salembedwa pamanja koma amatuluka mu pulogalamu ya CAM imene imawerenga chojambula cha pa kompyuta.

Chimene kompyuta inabweretsa ndi kubwereza mosatopa komanso kutha kuyenda njira zovuta. Sinasinthe chikhalidwe cha njira ziwirizi. Lathe ya CNC ikadali lathe.

Maonekedwe ndiwo amayamba kusankha

Pali kayezedwe kosavuta. Tengani chinthucho m'maganizo, muchipyoze ndi mzere pakati, n'kuchizungulitsa. Ngati chikuoneka chimodzimodzi pamene chikuzungulira, ndi cha pa lathe. Ngati chili ngati bokosi, mbale yaphwatalala kapena chogwirira cha ngodyangodya, ndi cha milling. Pa zinthu zambiri nkhani imathera pomwepa ndipo palibe chokambirana.

Zovuta ndi zapakati, ndipo n'zambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Shafuti ndi yobulungira, koma ili ndi mzere wa kiyi, wolowamo kachitsulo koletsa pule kapena giya kuterereka. Flange, mbale yolumikizira mapaipi kapena mashafuti, ndi yobulungira, koma ili ndi mabowo a mabawuti kuzungulira m'mphepete. Cholumikizira mapaipi chili ndi mazinga mbali zonse ziwiri ndi ngodya 6 pakati pogwirira sipanala. Mwachizolowezi zinthu zotere zimayambira pa lathe n'kukamalizira pa milling, chifukwa n'kosavuta kuika chinthu chobulungira kale pa tebulo kusiyana ndi kuzungulitsa chinthu chimene chadulidwa kale mbali imodzi.

Njira ziwirizi sizilowererana mofanana. Makina a milling amatha kupanga bowo lobulungira kapena chotumphuka chobulungira poyendetsa mpeni mozungulira, ndipo amathanso kudula mazinga. Koma kubulungira kumeneko n'kochita kupanga: X ndi Y ziyenera kugwirizana mphindi iliyonse, ndipo pamene imodzi ikubwerera m'mbuyo pamatha kutsala kachipsera. Zimatenganso nthawi yaitali. Lathe wamba, kumbali yake, singapange bokosi ngakhale itayesetsa bwanji. Pali nthawinso pamene chinthu chili ndi bowo lalikulu lofunika kubulungira bwino, koma icho n'chachikulu kapena cholemera mbali imodzi moti kuchizungulitsa n'koopsa. Bokosi la magiya ndi chitsanzo. Pamenepo chinthucho chimamangidwa pa tebulo ndipo bowolo limakonzedwa ndi mpeni wa nsonga imodzi wozungulira, wotchedwa boring bar.

Chitsulo choyambira nacho chili ndi mawu. Kutulutsa chinthu chobulungira m'chitsulo cha ngodya zinayi kumataya pafupifupi 21 peresenti ya chitsulocho musanayambe n'komwe ntchito yeniyeni. Kutulutsa cha ngodya zinayi mu ndodo yobulungira kumataya pafupifupi 36 peresenti. Pa aluminiyamu wamba anthu salabadira kwambiri. Pa titaniyamu amawerengera.

Ndi iti yolondola kwambiri?

Funsoli limafunsidwa kwambiri, koma limafunsidwa molakwika. Palibe makina amene amadula muyezo weniweni ndendende, choncho pulani iliyonse imanena kuti muyezo ukhoza kuphonya ndi zingati. Malire amenewa ndiwo tolerance. Pulani ikangotchula ISO 2768, ndondomeko ya padziko lonse ya malire amenewa, ya gulu lapakati, muyezo wa mamilimita 25 umaloledwa kupitirira kapena kuperewera ndi 0.2, ndipo makina a mitundu yonse iwiri amakwanitsa zimenezo osatuluka thukuta. Koma bowo la mamilimita 25 lolembedwa H7, monga mmene mabowo ambiri olowamo beringi amalembedwera, liyenera kukhala pakati pa 25.000 ndi 25.021. Pa mlingo umenewu ngakhale kutentha kumalowerera. Aluminiyamu wotalika mamilimita 100 akatentha ndi madigiri 10 amafutukuka ndi 0.023, zomwe zaposa kale malire onse a bowo lija. N'chifukwa chake miyezo ya zitsulo padziko lonse imawerengedwa pa madigiri 20.

Ndiye funso loyenera ndi lakuti: kulondola kwa chiyani? Kubulungira, ndi kuti mbali ziwiri zobulungira zikhale pa mzere umodzi, lathe imapereka mosavuta. Kuphwatalala, ngodya zoongoka ndi mtunda wa pakati pa bowo ndi bowo, milling imapereka mosavuta. Kufuna chimodzi mwa izi kwa makina enawo kumatheka, koma mumalipira nthawi.

Kusalala kwa khungu nako kumawerengeka. Pa lathe mpeni umasiya kamzere kopotana kosaoneka bwino ndi maso, ndipo kuya kwake kumadalira mtunda umene mpeni ukusuntha pa ulendo umodzi wa chitsulo ndi kukhota kwa nsonga yake. Mpeni wa nsonga yokhota mamilimita 0.8 ukamasuntha mamilimita 0.2 pa ulendo, masamu amapereka kusalala kwa pafupifupi Ra 1.6 (Ra ndi muyezo wa kukhakhala kwa khungu: nambala ikachepa, khungu lasalala). Mukachepetsa kusunthako ndi theka, kukhakhala kumatsika kanayi koma nthawi yodula imawirikiza. Pofunika kusalala kapena kulondola koposa apa, makamaka pa chitsulo cholimbitsidwa ndi moto, njira zonse ziwiri zimasiyira ntchito mwala wonolera wa makina a grinding.

Mdani wamkulu wa kulondola, pa njira zonse ziwiri, ndi kumasula. Chinthu chikachotsedwa pa makina n'kumangidwanso, sichikhala ndendende pamene chinali. Kanyenyeswa kamodzi kotsalira pansi pake n'kokwanira kuchipendeketsa. Miyezo iwiri imene iyenera kugwirizana kwambiri ndi bwino idulidwe pa kumanga kumodzi, ndipo mmisiri wodziwa akamayang'ana pulani amayamba wafufuza zimenezi asanaganize za makina.

Kumene ndalama zimabisala

Ambiri amaganiza kuti mtengo ndi chitsulo kuphatikiza nthawi yodula. Pa oda yaing'ono gawo lalikulu limakhala kukonzekera: kulemba pulogalamu, kumanga ndi kuyeza mipeni, kukonza chogwirira, kudula choyamba ndi kuchiyeza. Tiyerekeze kuti kukonzekera kwatenga maola awiri ndipo chinthu chimodzi chimadulidwa mphindi zitatu. Mukaitanitsa chimodzi, chasenza mphindi 123. Mukaitanitsa 100, chilichonse chasenza mphindi 4.2 zokha. Chinthu chodutsa pa makina awiri chimakonzekeredwa kawiri, ndipo chimadikira pa mzere kawiri.

Pa zinthu zazing'ono zobulungira zofunika zambiri, lathe ili ndi mwayi umene milling ilibe. Chipangizo chotchedwa bar feeder chimakankhira ndodo yaitali kudzera mkati mwa spindle, makina amadula chinthu, kuchidula kuti chigwe, ndodo n'kusunthanso, osafuna dzanja la munthu mpaka ndodo zitatha. Chogwirira chake ndi chuck kapena collet (kachogwirira kofinya ndodo mozungulira) imene ilipo kale. Pa milling chidutswa chilichonse chimayamba chachekedwa, n'kuikidwa ndi munthu kapena loboti, ndipo cha maonekedwe achilendo chimafuna chogwirira chakechake chimene nacho chiyenera kupangidwa. Mafakitale amachepetsa vutoli pomanga zidutswa zambiri pa tebulo limodzi kapena posinthanitsa matebulo makina akudula. N'zoona kuti kawirikawiri ola la lathe wamba limatchipa kuposa la makina a 5-axis, koma ola lotchipa silithandiza ngati chinthucho chifunika kumangidwa kanayi.

Kusintha kwakung'ono pa pulani nthawi zina kumachotsa makina athunthu pa ulendo wa chinthu. Mbali ziwiri zaphwatalala zogwirira sipanala pa pini yobulungira, ngati sizofunikiradi, zikachotsedwa piniyo imathera pa lathe. Kuyambira pa ndodo yogulidwa kale ili ndi ngodya 6 kumapereka mutu wa bawuti popanda milling. Ine ndimaona kuti mphindi zochepa zokambirana ndi mmisiri pulani isanatsekedwe zimapulumutsa zambiri kuposa kuyendayenda kufunsa mitengo.

Makina ochita zonse ziwiri

Mpanda wa pakati pa njira ziwirizi unayamba kale kugumuka. Lathe zambiri za CNC tsopano zili ndi mipeni yozungulira yokha, yotchedwa live tooling. Spindle imaima, kapena kutembenuka pang'onopang'ono kufika pa ngodya yolamulidwa, ndipo kampeni kozungulira kamaboola bowo la pambali kapena kudula mzere wa kiyi. Zina zili ndi spindle yachiwiri imene imalandira chinthu kuchokera ku yoyamba kuti kumbuyo kwake kudulidwenso. Pamwamba pa zonsezi pali makina a mill-turn, monga Integrex a kampani ya Mazak kapena Multus a Okuma, okhala ndi mutu weniweni wa milling wotha kupendekeka. Kuchokera mbali inayo, makina ena a 5-axis ali ndi tebulo lotha kuzungulira mothamanga ngati lathe.

Phindu lake ndi lija tanena kale: kumanga kamodzi, miyezo yogwirizana, chinthu kutuluka chathunthu. Otsutsa nawo ali ndi mfundo zomveka. Makinawa ndi odula, pulogalamu yake ndi yovuta, ndipo malo odzadza ndi mipeni ndi ma spindle awiri savuta kugundanitsa. Mipeni ya live tooling pa lathe ilibe mphamvu ndi kulimba kwa spindle ya makina a milling enieni. Komanso makina awiri osiyana amatha kugwira ntchito nthawi imodzi, wina akudula chinthu chachiwiri mnzake akumaliza choyamba, ndipo amodzi akawonongeka enawo amapitiriza. Makina ophatikiza akaima, zonse zaima.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la malire: kodi chinthu chiyenera kukhala chovuta motani, kapena chochuluka motani, kuti makina ophatikiza apose lathe ndi milling zoimirira pazokha? Palibe nambala imene onse amagwirizana. Yankho limasintha malinga ndi malipiro a antchito, mtengo wa ngongole yogulira makina ndi mtundu wa maoda amene fakitale imalandira, ndipo ogulitsa makina ndi eni mafakitale ang'onoang'ono saliona mofanana.

Lachiwiri likukhudza amene amasankha. Pali makampani amene tsopano amalandira chojambula pa intaneti, pulogalamu n'kusankha njira ndi kutchula mtengo nthawi yomweyo. Pa zinthu zosavuta zimayenda. Chosadziwika bwino n'chakuti pulogalamu yotere ingafike pati pa zinthu zapakati zija, pamene mmisiri akanafunsa kaye kuti chitsulocho chikagwira ntchito yanji, ndi muyezo uti umene ulidi wofunika. Mogwirizana ndi zimenezi pali mkangano wakale wa pakati pa ojambula ndi odula: ojambula amathinitsa tolerance podziteteza, odula amati theka la kuthinako n'kungotaya ndalama, ndipo palibe mbali imene imafuna kusenza mlandu chinthu chikakanika kulowa.

Lachitatu ndi la 3D printing yachitsulo, njira youmba chinthu posanjikiza chitsulo pang'onopang'ono m'malo mosema. Imatha kupanga timipata tamkati tomwe palibe mpeni ungafike, ndipo sitaya chitsulo chambiri. Koma zotuluka mmenemo zimakhala zokhakhala, ndipo malo a beringi, mazinga ndi mbali zokhudzana zimapitabe ku lathe kapena ku milling kukamalizidwa. Ena amaona kuti idzalanda gawo lalikulu la ntchito yosema, ena amati ikungobweretsera makina osema zinthu zatsopano zovuta kuzigwira mu vayisi. Ndipo ngati makina amodzi adzayamba kuumba, kuzungulitsa ndi kusema m'bokosi limodzi, monga ena ayamba kale kuchitira, sizikudziwika ngati amisiri adzapitirize kuphunzitsidwa m'magulu awiri, a lathe ndi a milling, kapena ntchitoyi idzagawidwa mwanjira ina.